Nambala ikatembenuka, kafukufuku amanama

Mu November 2018, magazini yotchuka ya zaumoyo ya ku America, JAMA, idatulutsa nkhani yosangalatsa kwa anthu odwala COPD, matenda a m'mapapo omwe amachititsa munthu kubanika nthawi ndi nthawi kwa moyo wake wonse. Akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore adatsatira odwala 240. Theka la odwalawo lidapatsidwa namwino wapadera wowaphunzitsa kudzisamalira, kuyambira m'chipatala mpaka kunyumba. Theka linalo lidangolandira chithandizo cha nthawi zonse. Zotsatira zidati omwe adali ndi namwino wapadera ankabwerera kuchipatala mocheperapo kwambiri, pafupifupi theka poyerekeza ndi anzawo aja.

Mu October 2019, JAMA idaichotsa nkhaniyo n'kuisindikizanso. Ulendo uno zotsatira zidatuluka chadodolido: omwe adali ndi namwino wapadera ndiwo ankabwerera kuchipatala kwambiri.

Padalibe chinyengo. Pokonza fayilo kuti kompyuta iwerengere, magulu awiri aja, omwe adalembedwa kuti 1 ndi 2, amayenera kusinthidwa kukhala 0 ndi 1. Posinthapo manambalawo adasemphana, gulu lino n'kutenga dzina la gulu lija. Akatswiriwo adatulukira okha vutolo ndipo adakauza okha eni magaziniyo. Koma kwa miyezi 11, madokotala padziko lonse ankawerenga zosiyana ndi zomwe zidachitika.

Ngati izi zingachitike ku Johns Hopkins, kuli bwanji kwa wophunzira wa chaka chomaliza ku Unima, Mubas, Luanar, Mzuni kapena Kuhes yemwe akulimbana ndi SPSS pakati pa usiku, magetsi atazima, batire ya laputopu ikutha? Kuli bwanji kubungwe lomwe likuthamangitsana ndi tsiku lopereka lipoti kwa opereka thandizo?

Vuto la ku Baltimore lili ndi m'bale wake yemwe amabisala mu kafukufuku wambiri wofunsa anthu maganizo awo. Mankhwala ake akatswiri amawatcha reverse coding, kutanthauza kutembenuza manambala a mayankho ena musanawaphatikize ndi anzake. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Koma ikaiwalika, kapena ikachitika molakwika, munthu wodandaula amaoneka wokhutira ndipo wokhutira amaoneka wodandaula.

Nambalayo adaiika ndi munthu

Aliyense amene adachezeredwapo ndi anthu a kafukufuku akuwadziwa mafunso a mtundu uwu. Amakuwerengerani chiganizo, kenaka n'kukufunsani: mukugwirizana nacho kwambiri, mukugwirizana nacho, muli pakatikati, simukugwirizana nacho, kapena simukugwirizana nacho m'pang'ono pomwe? Njira imeneyi imatchedwa sikelo ya Likert, potengera dzina la Rensis Likert, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America yemwe adaifotokoza mu 1932.

Kompyuta siwerengera mawu. Choncho yankho lililonse limapatsidwa nambala, kawirikawiri 1 kwa wokaniratu mpaka 5 kwa wovomereza ndi mtima wonse. Kenaka manambala a ziganizo zingapo zofunsa chinthu chimodzi amaphatikizidwa kuti munthu aliyense akhale ndi malikisi ake: a kukhutira ndi ntchito, a kukhulupirira atsogoleri, a nkhawa, kaya a chiyani.

Apa pali mfundo yomwe ambirife timaiphonya. Thumba la chimanga likati 50 pasikelo, ndi makilogalamu 50 basi, kaya muli ku Mchinji kaya ku Nsanje. Koma 5 wa m'kafukufuku ndi chizindikiro chabe chomwe munthu wina adasankha ali pa desiki. Tanthauzo lake lili m'chiganizo chomwe chafunsidwacho. Kuvomereza kuti "anamwino amandilandira bwino" n'kuyamikira. Kuvomereza kuti "anamwino amandilankhula mwamwano" n'kudandaula. Koma onse awiri kompyuta iwapatsa 5.

Mwina mukuti, nanga bwanji osangolemba ziganizo zonse zoyang'ana mbali imodzi? Chifukwa anthufe timatopa, komanso timakonda kuvomera. Mlendo wafika ndi tabuleti, mwamuyalira mphasa, ali pa funso la nambala 60 pomwe inu mtima uli kudimba. Chotsatira ndi "eya, eya, eya" bola zithe. Ena amavomera chifukwa cha ulemu, safuna kutsutsa mlendo pakhomo pawo. Ena podzaza fomu amangochonga mzere umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi osawerenga n'komwe.

Likert mwiniwake adalangiza kuti pafupifupi theka la ziganizo liziyang'ana mbali ina kuti woyankha asamangotsetsereka. N'chifukwa chake sikelo yotchuka yoyezera mmene munthu amadzionera, yomwe Morris Rosenberg adatulutsa mu 1965, ili ndi ziganizo 10: zisanu zodziyamikira ndi zisanu zodziderera.

Ziganizo zozondoka zotere ndi msampha wabwino wogwirira oyankha mwaulesi. Kungoti msampha womwewo umagwiranso mwini wake akaiwala pomwe adautchera.

Amayi awiri, chipatala chimodzi

Tiyerekeze kuti tikufuna kudziwa ngati amayi akukhutira ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Tawawerengera ziganizo zinayi, ndipo 1 ndi kukaniratu pomwe 5 ndi kuvomereza kwambiri.

Choyamba: Anamwino amandilandira bwino.
Chachiwiri: Mankhwala amapezeka ndikapita.
Chachitatu: Ndimadikira nthawi yaitali ndisanathandizidwe.
Chachinayi: Ogwira ntchito amandilankhula mwamwano.

Mayi woyamba ndi wokondwa. Pa chiganizo choyamba wapereka 5, pa chachiwiri 4. Za kudikira ndi mwano wazikaniratu, ndiye 1 ndi 1. Mukangophatikiza mmene zililimo, mayiyu ali ndi 11 mwa 20.

Mayi wachiwiri ndi wokhumudwa. Za kulandiridwa bwino wapereka 2, za mankhwala 1. Za kudikira wavomereza ndi mtima wonse, 5, ndipo za mwano 4. Mukaphatikiza, ali ndi 12 mwa 20.

Mwaonatu? Wodandaula uja wapambana wokondwa uja. Onse awiri akuoneka kuti ali pakatikati, ndipo lipoti likanena kuti amayi a m'derali "akukhutirako pang'ono". Mkwiyo wa mmodzi ndi chisangalalo cha mnzake zafafanizana, palibe yemwe wamveka.

Tsopano titembenuze chiganizo chachitatu ndi chachinayi kuti nambala yaikulu izitanthauza chinthu chimodzi paliponse, chomwe ndi kukhutira. Ma 1 awiri a mayi woyamba asanduka ma 5, ndipo malikisi ake afika 19 mwa 20. Kwa mayi wachiwiri, 5 wasanduka 1 ndipo 4 wasanduka 2, malikisi ake atsika kufika 6 mwa 20. Izi ndiye zomwe amayiwa adanena pakamwa pawo.

Ena amachita mantha poganiza kuti kutembenuza manambala n'kusintha mayankho a anthu. Ayi ndithu. Yankho la mayi silidasinthe. Chomwe tachita n'kuonetsetsa kuti mafunso onse akulowera mbali imodzi tisanawamange mtolo umodzi.

Samu yake ndi ya kupulayimale

Lamulo lake ndi lalifupi. Phatikizani nambala yaing'ono kwambiri ndi yaikulu kwambiri ya sikeloyo, kenaka pa zomwe mwapezazo chotsanipo yankho la munthuyo. Pa sikelo ya 1 mpaka 5, ndiye kuti 6 kuchotsapo yankho. Motero 5 amakhala 1, 4 amakhala 2, 3 amakhala pomwepo, 2 amakhala 4 ndipo 1 amakhala 5.

Koma musaloweze 6 ameneyo ngati vesi. Pa sikelo ya 1 mpaka 7, nambala yake ndi 8. Pa 1 mpaka 4 ndi 5. Pa sikelo yoyambira 0 mpaka 4 ndi 4, ndipo pa 0 mpaka 3 ndi 3. Munthu amene adaonera kanema wa pa YouTube wophunzitsa za sikelo ya 1 mpaka 5, n'kutenga 6 yemweyo kukamuika pa sikelo ya 0 mpaka 4, apeza mayankho a 6 omwe padalibe munthu adawapereka.

Mu SPSS, pulogalamu yomwe idapangidwa mu 1968 ndipo kuyambira 2009 ndi ya kampani ya IBM, muli njira ziwiri. Yoyamba, pitani pa Transform, sankhani Recode into Different Variables, lipatseni funsolo dzina latsopano, kenaka pa Old and New Values muuze kompyuta kuti 1 akhale 5, 2 akhale 4, mpaka kumaliza. Musaiwale 3, ngakhale sasintha, chifukwa nambala yomwe simudaitchule imatuluka yopanda kanthu m'funso latsopanolo. Yachiwiri, pa Transform pomwepo sankhani Compute Variable n'kulemba 6 - q3, ngati funso lanu mudalitcha q3. Mu Stata ndi mu R samu yake ndi yomweyo, mzere umodzi basi. Ngakhale mu Excel zimatheka, mungolemba =6-C2 n'kukokera pansi.

Ngati n'zophweka chonchi, anthu amagwa pati?

Maenje asanu

Dzenje loyamba ndi kutembenuza pamwamba pa mayankho oyambirira. SPSS ili ndi njira ina yotchedwa Recode into Same Variables, yomwe imafufuta manambala akale n'kuikapo atsopano. Mwatembenuza Lachiwiri, mwasunga fayilo. Lachisanu mwaiwala, kapena mnzanu wa m'gulu watsegula fayilo yomweyo n'kutembenuzanso. Kutembenuza kawiri n'kubwerera pomwe mudayambira, ndipo palibe chizindikiro chilichonse chokuuzani. Funso lakale lisiyeni mmene lilili, latsopanolo mulipatse dzina looneka, monga q3_r.

Lachiwiri ndi manambala a anthu omwe sadayankhe. Mu kafukufuku wambiri, yemwe wati "sindikudziwa" amalembedwa 9 kapena 99, ndipo wokana kuyankha 8 kapena 98. Awa si malikisi, ndi zizindikiro chabe. Mukapanda kuiuza kompyuta kuti iwapatule, idzachita samu mokhulupirika: 6 kuchotsapo 9 ndi -3, ndipo 6 kuchotsapo 99 ndi -93. Munthu mmodzi yekha wa -93 pakati pa anthu 100 amagwetsa avereji ndi pafupifupi 1 yathunthu, pa sikelo yomwe imalekeza pa 5.

Lachitatu ndi maina a manambala. Mu SPSS nambala iliyonse imavala dzina lake, lomwe amati value label. Mukatembenuza manambala koma maina n'kukhala akale, tebulo lanu lidzalemba kuti "ogwirizana nazo kwambiri" pamwamba pa anthu omwe adakaniratu. Samu ili bwino, koma wowerenga lipoti wanamizidwa.

Lachinayi limagwira omwe amasonkhanitsa mayankho kudzera pa Google Forms. Fomu ikakhala ya mawu, mayankho amatulukanso ngati mawu, osati manambala. Pofuna kufulumira, ena amadina Automatic Recode, osadziwa kuti njirayi imapereka manambala motsatira afabeti. Ndiye Agree amakhala 1, Disagree 2, Neutral 3, Strongly agree 4 ndipo Strongly disagree 5. Apa sikelo siidazondoke chabe, yabalalika ngati nyemba zotayikira pamsika. Ngakhale mutembenuze chotani, simungaikonze mpaka mutayambiranso.

Lachisanu ndi kutembenuza zomwe zidatembenuzidwa kale. Mabungwe ambiri masiku ano amafunsa anthu pogwiritsa ntchito matabuleti okhala ndi KoboToolbox kapena ODK. Wokonza fomu amatha kuika manambala ozondoka kale mkati mwa fomuyo. Wowerengera akafika n'kuona chiganizo chodandaula, amachitembenuzanso mwa chizolowezi. N'chifukwa chake musanakhudze nambala iliyonse muyenera kuona codebook, chikalata chofotokoza kuti nambala iliyonse ikuimira yankho liti.

Kompyuta imatsina khutu, koma osati nthawi zonse

Pali zizindikiro zomwe zimaulula vutoli. Ophunzira ambiri amaudziwa muyeso wotchedwa Cronbach's alpha, womwe Lee Cronbach adaufotokoza mu 1951. Umayesa ngati mafunso omwe mwawaika pamodzi akuyendadi limodzi, ndipo aphunzitsi ambiri amafuna kuti ufike 0.7 kapena kupitirira. Funso lozondoka likasiyidwa mmene lilili, alpha imagwa, nthawi zina mpaka kupitirira 0 kupita pansi. Zikatero SPSS imalemba chenjezo pansi pa tebulo kuti muonenso mmene mwaikira manambala. Vuto n'loti chenjezolo lili m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo munthu wothamangira tsiku lopereka pepala sawerenga zapansi.

Mu tebulo lina la SPSS muli mzere wotchedwa Corrected Item-Total Correlation. Funso lomwe nambala yake ili ndi chizindikiro cha kuchotsa kutsogolo likuyenda mosemphana ndi anzake. Apa ndi pomwe ambiri amataya chuma. Amaona kuti akachotsa funsolo alpha ikwera, ndiye amalichotsa. Funso labwinobwino, lomwe anthu 300 adataya nthawi yawo kuliyankha, laponyedwa kudzala chifukwa choti wina sadalitembenuze.

Ogwiritsa ntchito Stata ali ndi dzenje lawolawo. Mukaiuza kuti iwerengere alpha, pulogalamuyi imazindikira yokha mafunso ozondoka n'kuwatembenuza pa samu imeneyo yokha. Alpha imatuluka yokongola. Koma mayankho a m'fayilo amakhala mmene adalili, ndipo mukawaphatikiza nokha mukhala mukuphatikiza zosemphana pomwe muli ndi alpha yabwino m'manja.

Njira yodalirika ndi yakale. Pangani tebulo loyerekeza funso lakale ndi latsopano, muone ngati onse a 1 apitadi pa 5 ndipo onse a 5 apita pa 1. Kenaka tengani fomu ya munthu mmodzi yemwe mayankho ake ndi oonekeratu, muwerengere malikisi ake ndi bolopeni, n'kuyerekeza ndi zomwe kompyuta yatulutsa. Zikasiyana, imani kaye.

Ndipo pali cholakwa china chomwe alpha singachione n'komwe. Mafunso onse atha kuyendera limodzi bwinobwino, koma inu n'kusokoneza kuti kumutu ndi kuti, kumiyendo ndi kuti.

Zaka zinayi za nkhani yozondoka

Mu 2012, magazini ya American Journal of Political Science idasindikiza kafukufuku wa Brad Verhulst, Lindon Eaves ndi Peter Hatemi, wofufuza ubale wa pakati pa khalidwe la munthu ndi mbali yomwe amakonda pa ndale. Mwa zina, iwo adalemba kuti anthu okonda kusunga zinthu mmene zakhalira, omwe ku America amatchedwa ma conservative, ankapeza malikisi ochuluka pa khalidwe lomwe katswiri wina, Hans Eysenck, adalitcha psychoticism. Mawuwa satanthauza misala, koma kuuma mtima, kuchita zinthu mopupuluma ndi kusalabadira malamulo.

Steven Ludeke, yemwe panthawiyo adali wophunzira wa digiri ya udokotala ku yunivesite ya Minnesota, adaona kuti zotsatirazi zikutsutsana ndi zomwe akatswiri ena adapeza m'mbuyomo, ndipo adayamba kufunsa. Mu 2016 magaziniyo idatulutsa chikalata chokonza, chomwe chidavomereza kuti olembawo adamva chadodolido mmene manambala a mafunso a ndale adaikidwira. Omwe ankapeza malikisi ochuluka aja adali a mbali inayo, ma liberal. Olembawo adati mfundo yawo yaikulu, yoti khalidwe si limene limabala maganizo a ndale, siidasinthe. Komabe kwa zaka zinayi, anthu ena adali akubwereza gawo lozondokalo m'zolemba zawo.

Kafukufukuyu adadutsa m'manja mwa olemba atatu, akatswiri owunika komanso akonzi a magazini. Adaligwira vutolo ndi wophunzira yemwe adangodabwa kuti zotsatirazo sizikumveka. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Atolankhani nafenso tili momwemo

Nkhaniyi si ya ophunzira okha. Masiku ano mayankho a kafukufuku wamkuluwamkulu amapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo atolankhani, a mabungwe ndi a zipani amawatenga n'kudzipangira okha ma tebulo.

Tengani funso la kukhulupirira apolisi, makhoti kapena Nyumba ya Malamulo. Afrobarometer, yomwe yakhala ikufunsa anthu a mu Africa kuyambira 1999 ndipo m'dziko muno imagwira ntchito kudzera ku Centre for Social Research ya Unima ku Zomba, imaika 0 kwa wosakhulupirira n'komwe, mpaka 3 kwa wokhulupirira kwambiri. Nambala ikamakwera, chikhulupiriro chikukweranso. Koma World Values Survey, kafukufuku wina wa padziko lonse yemwe wachitikapo ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, amaika 1 kwa wokhulupirira kwambiri mpaka 4 kwa wosakhulupirira n'komwe. Kumeneko nambala ikamakwera, chikhulupiriro chikutsika.

Palibe wolakwa pa awiriwa, aliyense adalemba mmene adaikira manambala ake m'chikalata chake. Koma munthu amene watenga avereji ya uku ndi ya uko n'kuziika pa tebulo limodzi osatembenuza mbali imodzi, atha kulemba mutu wa nkhani woti nzika za dziko lina zimakonda apolisi awo, pomwe zidanena zosiyana. Mutu wotero ukangofika pa Facebook ndi WhatsApp, chikalata chokonza sichiupeza.

Pomwe nambala ili ndi moyo wa munthu

Mafunso ena sathera mu lipoti. Mu 1987, John Cox, Jenifer Holden ndi Ruth Sagovsky adatulutsa mafunso 10 othandiza kuzindikira amayi omwe akudwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa atangobereka. Amatchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, ndipo adamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chichewa, n'kuyesedwa pakati pa amayi a kuno kwathu.

Funso lililonse lili ndi mayankho anayi, malikisi ake 0 mpaka 3, ndipo onse pamodzi amafika 30. Malikisi akachuluka, ndiye kuti mayi akufunika thandizo. Koma pa fomu yoyambirira, mafunso atatu okha, la 1, la 2 ndi la 4, ndi omwe amawerengedwa 0, 1, 2, 3 kuchokera pamwamba kutsika. Asanu ndi awiri otsalawo amawerengedwa 3, 2, 1, 0.

Funso lomaliza limafunsa ngati mayi wakhala akuganizapo zodzivulaza. Yankho loopsa kwambiri ndi lomwe lili pamwamba. Wolowetsa mayankho pakompyuta akangopereka 0 kwa yankho lililonse lapamwamba, monga adachitira pa funso loyamba, mayi amene wanena kuti maganizo oterewa amamubwerera kawirikawiri adzalembedwa ngati alibe vuto. Iye adalimba mtima n'kunena zomwe ambiri sanena, koma fayilo yamuika m'gulu la osafunika thandizo.

"Simudadye?" "Eya"

Palinso malire a zomwe kutembenuza manambala kungakonze, ndipo malirewo ali m'chilankhulo chathu chomwechi.

Mfunseni munthu m'Chichewa kuti, "Simudadye?" Akati "eya", ndiye kuti sadadye. Akuvomereza kukana kwanuko. M'Chingerezi munthu yemweyo amayembekezeka kuyankha kuti no. Tsopano ganizani za fomu yomwe idalembedwa m'Chingerezi, n'kumasuliridwa mwachangu, ndipo mkati muli chiganizo chakuti, "Sindikhutira ndi mmene aphunzitsi amasamalira ana athu." Wofunsa kenaka akuti, "Mukugwirizana nazo kapena simukugwirizana nazo?" Kholo lomwe likukhutira likuyenera kukana kukana. Limati "ayi", koma ayi wa chiyani? Ayi sindikhutira, kapena ayi sindikugwirizana ndi zomwe mwawerengazo? Wofunsa yemwe watopa ndi dzuwa amachonga chomwe wamva.

Yankho likasokonekera pamphasa, palibe pulogalamu ya kompyuta ingaliwongole. Mukatembenuza yankho lolakwika mumangopeza lolakwika lina. N'chifukwa chake akatswiri ena amalangiza kuti chiganizo chozondoka chisadalire "si-" kapena "sa-", koma chigwiritse ntchito mawu otsutsana enieni. M'malo moti "anamwino sandilandira bwino", nenani kuti "anamwino amandikalipira". Ena amafika ponena kuti ziganizo zozondoka zimabweretsa chisokonezo chochuluka kuposa phindu lake, ndipo mtsutso umenewu ukadalipo pakati pa akatswiri. Chomwe onse amagwirizana n'choti fomu yomasuliridwa iyesedwe kaye pa anthu ochepa, n'kuwafunsa kuti afotokoze m'mawu awo zomwe amva, isanatumizidwe kumidzi 50.

Mafunso atatu musanakhulupirire tebulo

Kaya ndinu mphunzitsi woyang'anira wophunzira, mkulu wa bungwe wosainira lipoti, khansala yemwe wapatsidwa zotsatira za kafukufuku wa m'dera lake, kapena mtolankhani pamsonkhano wa atolankhani, simukufunika kudziwa SPSS kuti mufunse mafunso atatu awa.

Loyamba: pa sikelo imeneyi, nambala yaikulu ikutanthauza chabwino kapena choipa? Lipoti lililonse liyenera kunena zimenezi m'mawu, pansi pa tebulo lililonse.

Lachiwiri: ndi mafunso ati omwe adatembenuzidwa, ndipo zalembedwa pati? Wowerengera wosamala amasunga malamulo onse omwe adapatsa kompyuta, mu SPSS amati syntax, mu Stata amati do-file, kuti munthu wina athe kutsatira mapazi ake. Wongodina mabatani alibe choonetsa, ndipo ngakhale iye mwini pakatha mwezi sakumbukira zomwe adachita.

Lachitatu: omwe adati "sindikudziwa" ndi omwe adakana kuyankha adapita kuti?

Ndipo zotsatira zikakudabwitsani, musathamangire kusangalala kuti mwatulukira zachilendo. Ngati tebulo likuti ogwira ntchito omwe sadalandire malipiro kwa miyezi itatu ndiwo okhutira kwambiri, mwina mwapezadi chinthu chatsopano, koma yambani mwatsegula codebook. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anthu omwe amayankha mafunsowa salipidwa. Amasiya khasu, amasiya malonda, amasiya mwana akulira, n'kukhala pansi ola lathunthu chifukwa auzidwa kuti maganizo awo akafika kwa akuluakulu. Mayi yemwe adati amadikira tsiku lonse pachipatala akuyembekezera kuti lipoti likanena zomwezo. Kuti zitero, pakungofunika munthu mmodzi woti atenge fomu yake ndi bolopeni, awerengere yekha, aone ngati 6 mwa 20 uja sadalembedwe 12.